Kufulula mowa wa lager kunyumba m'kutentha kwa ku Mangochi

Mabuku a zofulula amati yisiti ya lager imafuna madigiri 9 mpaka 13. Kuno ku Mangochi, m'mwezi wa Okutobala chipinda chofolera ndi malata chimapitirira madigiri 33 dzuwa likafika paliwombo, ndipo ngakhale madzi a pampopi amatuluka ofunda. Ambiri akaona manambala amenewa amagwa ulesi. Komatu yisitiyi siifa ikamva kutentha, imangodya shuga mothamanga. Chimene chimawonongeka ndi kakomedwe, ndipo kuwonongekako kumachitika m'masiku atatu kapena anayi oyambirira. Mukagwira masiku amenewa pa madigiri 17 mpaka 20, poyeza mowa weniweniwo osati mpweya wa m'chipinda, mowa umatuluka woyera kukamwa. Akadutsa masikuwo kutentha kwa kuno kumayamba kukugwirirani ntchito.

Yisiti ya lager, imene dzina lake ndi Saccharomyces pastorianus, ili ndi makolo awiri. Lina ndi Saccharomyces eubayanus, yopirira kuzizira, imene akatswiri anaipeza m'nkhalango za ku Patagonia n'kulengeza mu 2011. Linalo ndi Saccharomyces cerevisiae, mtundu womwewo wofufumitsira buledi ndi mandasi, umene umakonda pofunda. Emil Christian Hansen ndiye anayamba kupatula yisiti ya lager payokha mu 1883 ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, ndipo kuchokera pamene Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, kakomedwe kake ndi kamene ambiri kuno timakadziwa ngati mowa wa m'botolo. Magazi a kholo lachiwirilo ndi amene akukupatsani mpata.

Zoipa zimene yisiti imatulutsa zili m'magulu awiri, ndipo njira yonseyi yagona pa kusiyana kwake. Pamene ikuswana, m'masiku oyamba, imapanga ma ester onunkhira nthochi yakupsa kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, komanso ma fusel amene amawotcha pakhosi. Kutentha kukakwera zimenezi zimachuluka, ndipo zikalowa mumowa sizichoka ngakhale muusunge miyezi itatu mufiriji. Gulu lina ndi diacetyl wa fungo la batala, acetaldehyde wa fungo la dzungu laliwisi lodula kumene, ndi salufa wa fungo la dzira lowola. Izi yisiti imazibweza yokha kapena zimauluka ndi mpweya, ndipo pofunda zimatha msanga kuposa pozizira.

Kusankha yisiti ndi nyengo

Gulani youma. Yamadzimadzi imafooka pa ulendo wautali wa basi kuchokera ku Johannesburg, kumene zipangizo zambiri zofululira zimachokera. Yodalirika kwambiri ndi SafLager W-34/70 ya kampani ya Fermentis, yochokera ku Weihenstephan ku Germany. Eni ake amalemba madigiri 12 mpaka 18, koma imafika 20 osasintha khalidwe kwenikweni. Ilipo Mangrove Jack's M54 Californian Lager, yolembedwa 18 mpaka 20, ndi NovaLager ya Lallemand, yolembedwa 10 mpaka 20. Dzina la Californian likuchokera kwa ofulula a ku San Francisco a zaka za m'ma 1800, amene analibe madzi oundana ndipo ankawiritsa yisiti ya lager m'ziwiya zazikulu zosazama kuti mphepo ya usiku iziziziritsa. Vuto lanu lomweli anakumana nalo kalekale. Yisiti ya SafLager S-23 ipeweni pa ntchito iyi, chifukwa ikafunda imanunkhira zipatso kwambiri.

Fermentis imalangiza magalamu 80 mpaka 120 pa malita 100. Pa malita 20 ndiye magalamu 16 mpaka 24, kutanthauza mapaketi awiri a magalamu 11.5. Ena amati pofunda paketi imodzi imakwana. Ikhoza kumaliza ntchito, inde, koma yisiti yochepa imayenera kuswana kwambiri, ndipo pa kuswanako ndi pamene zoipa zosachoka zija zimabadwira. Onjezaniponso kuti paketiyo yayenda masiku m'chikwama chotentha. Apa si poumira. Ikangofika isungeni mufiriji, ndipo paketi yotsegula igwire ntchito pasanathe masiku 7.

Nyengo yabwino ndi Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba. Usiku kumazizira ndithu, ndipo chipinda cha njerwa cha simenti pansi, chimene dzuwa la masana silichiwomba, chimatha kukhala pafupi ndi pamene mukufuna. A ku Namwera, kumtunda, zinthu zimawapepukira kuposa a ku Boma, Malindi kapena Monkey Bay. Musadalire kumva kwa khungu. Ikani ndowa ya malita 20 a madzi pamalo pamene mukufuna kuwiritsira, muisiye masiku atatu, muziyeza madziwo 6 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Pa nambala imene mwapeza onjezani madigiri 2 mpaka 4, chifukwa mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha. Ndowa ikanena 21, mowa udzafika 24 ngati simuuthandiza.

Kukonza thobwa

Madzi otsekemera a chimera yisiti isanalowe, pano tiwatcha thobwa. Likhale lopepuka, la 1.046 mpaka 1.048 pa hydrometer, chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi. Thobwa lolemera limachulukitsa ma ester ndi kutentha komwe, choncho mowa wamphamvu udikire kaye mpaka mutapeza firiji yakeyake.

Pa malita 20 tengani makilogalamu 3.6 a chimera cha balere cha mtundu wa pilsner ndi magalamu 900 a mpunga wosweka. Mpunga uphikeni kaye mpaka usanduke phala, chifukwa wosaphika sutulutsa shuga wake pa kutentha kumene chimera chimagwirira ntchito. Mgaiwa musauyese, mafuta a mtima wa chimanga amapha thovu. Vikani chimera ndi phalalo pa madigiri 65 mpaka 66 kwa ola limodzi, kenako sefani. Ngati mulibe chimera, makilogalamu 2.5 a ufa wa malt extract, umene ndi thobwa loumitsidwa, m'malita 20 amakufikitsani pafupi ndi 1.046. Bwatitsani thobwa kwa mphindi 75 mphika uli wosavundikira. Chimera cha pilsner chimatulutsa DMS, wa fungo la chimanga chachiwisi chophika, ndipo amachoka ndi nthunzi. Mukavundikira amagweranso momwemo. Kutatsala mphindi 60 thirani magalamu 15 a hops, maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo, a mtundu wa Magnum, kutatsala mphindi 10 magalamu 25 a Saaz kapena Hallertau.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene akakumana ndi zimene zili mu thobwa amabweretsa fungo la kuchipatala. Chidutswa chimodzi mwa zinayi cha piritsi la Campden chimakwanira kuchotsa klorini m'malita 20. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja imatulutsa madzi amchere kapena olimba, ndipo mowa wopepuka ngati uwu sungabise zimenezo. Lawani madziwo ali ozizira. Ngati akumveka mchere pa lilime, pezani ena.

Kuziziritsa musanathire yisiti

Apa ndi pamene mowa wambiri wa kuno umawonongekera. Thobwa likabwata, munthu amaliziziritsa ndi madzi a pampopi, likafika 27 kapena 28 silitsikanso chifukwa madziwo ndi ofunda chomwecho. Kwada, thupi latopa, ndiye amathira yisiti n'kunena kuti aziziritsa mawa. Pofika mawalo yisiti yadzuka kale pa 28, yaswana usiku wonse, ndipo fungo la nthochi lakhazikika. Kuiziziritsa pambuyo pake kumangoigonetsa, mowa n'kuima pakati pa njira.

Thirani yisiti thobwa lili pa 15 kapena 16, pansi pa pamene mukufuna liwirire, kuti likwere lokha. Masamu ake ndi osavuta: kilogalamu imodzi ya madzi oundana ikasungunuka imatsitsa malita 20 ndi madigiri 4. Kuchoka pa 28 kufika pa 16 pakufunika makilogalamu atatu pa pepala, koma konzani asanu kapena asanu ndi imodzi chifukwa mpweya ndi beseni zimadya nawo. Yambani ndi madzi a pampopi, mphika uli m'beseni, mukusintha madziwo akafunda. Madzi oundana alowe thobwa likatsika pansi pa 35, apo ayi mungowataya. Madzi oundana amene amagulitsidwa kwa a nsomba ndi abwino kuika m'beseni, koma asakhudze thobwa ngakhale dontho. Zikakanika usiku womwewo, thirani thobwa m'chigubu chotsukidwa bwino ndi mankhwala, tsekani, muchiike m'madzi ozizira, yisiti mudzathire m'mawa. Musapitirire maola 12, popeza tizilombo towawasitsa timakondwa kwambiri pa madigiri 30 mpaka 40 ndipo thobwa lopanda yisiti lilibe mlonda.

Chilichonse chokhudza thobwa lozizira chitsukidwe ndi mankhwala opha tizilombo a Star San, mamililita 1.5 pa lita imodzi ya madzi. Jik wosanunkhira amagwiranso ntchito, koma mutsukuluze ndi madzi owiritsa mpaka fungo litheretu. Yisiti youma mukhoza kuiwaza pamwamba pa thobwa, kapena kuidzutsa kaye kwa mphindi 20 m'mamililita 230 a madzi owiritsa amene azizira kufika pafupifupi madigiri 23. 

Masiku anayi oyamba

Njira zoziziritsira popanda kuika chigubu mufiriji zilipo ziwiri, ndipo musaziphatikize.

Yoyamba ndi ya mabotolo oundana. Imikani chigubu m'theka la diramu lapulasitiki, thirani madzi mpaka alekeze pamene palekeza mowa, ndipo kutani diramulo ndi bulangete kapena masaka, pansi muyale makatoni. Khalani ndi mabotolo 6 a malita awiri odzaza madzi, osafika pakamwa kuti asang'ambike akaundana. Botolo limodzi loundana limatsitsa mowa ndi madzi a m'diramu, pamodzi malita 50, ndi madigiri atatu kapena anayi. M'nyengo yozizira limodzi m'mawa ndi lina madzulo amakwana. Mu Okutobala muyembekezere kusintha katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu pamene thovu lili pachimake. Ikani limodzilimodzi. Mukaponya atatu nthawi imodzi mowa umagwa kuchoka 20 kufika 11, madzulo n'kukweranso, ndipo kukwera ndi kutsika kotereku kumasautsa yisiti kuposa kukhala pa 20 osasuntha. Mabotolo otsala akhale mufiriji nthawi zonse kuti magetsi akazima tsiku lonse musagwire njakata.

Yachiwiri ndi ya mtsuko: madzi akamauma amachotsa kutentha. Imikani chigubu m'beseni la madzi ochepa, chivekeni thawulo kapena chitenje chathonje chimene m'munsi mwake mwamira m'madzimo, ndipo fani iziwomba kapena chikhale pa mphepo, pamthunzi. Mpweya ukakhala wouma, kuyambira Juni mpaka mvula isanagwe, mumatsitsa madigiri 3 mpaka 6. Mu Januwale ndi Febuluwale, chinyezi chikadzaza, nsaluyo siuma ndipo palibe chimene mupindule. Njirayi imakwanira m'nyengo ya mwera, pamene mukungofuna kuchoka pa 23 kufika pa 19. Mu Okutobala payokha siyingakufikitseni. Kusaphatikizako chifukwa chake n'chakuti fani yowomba mpweya wa madigiri 33 pa diramu la madzi oundana imangowasungunula. Madzi a m'beseni muzisintha pakapita masiku atatu kapena muthiremo Jik pang'ono, chifukwa udzudzu wa kuno suchedwa kuikira mazira m'madzi odekha a m'nyumba.

Poyeza, matani thermometer pa khoma la chigubu, pansi pa pamene palekeza mowa, n'kuiphimba ndi kachidutswa ka siponji kapena ka patapata wakale kuti isamve mpweya. Ngati chigubu chamira m'diramu, yezani madzi a m'diramumo; mowa umakhala pamwamba pawo ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Lembani nambala m'kope m'mawa, masana ndi usiku. Cholinga ndi 17 mpaka 19 tsiku loyamba ndi lachiwiri, osadutsa 20 mpaka lachinayi.

Amene ali ndi firiji yakale, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa firiji molingana ndi kutentha, ka STC-1000 kapena Inkbird ITC-308, kamathetsa zonsezi. Ikani pa 15 kapena 16, tcherani kuti kompresa izidikira mphindi zosachepera 5 isanayakenso, ndipo malo otsala mufirijimo mudzaze mabotolo a madzi kuti kuzizira kuzikhalitsa magetsi akachoka.

Thovu limaoneka pakati pa maola 12 ndi 24. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu chipinda chikhoza kununkha dzira lowola. Musataye mowa, musatsegule chigubu. Ndi khalidwe la yisiti ya lager ndipo fungolo limatuluka ndi mpweya. Mu airlock, kachipangizo ka pachivundikiro kotulutsa mpweya osalowetsa wa kunja, muthire Star San wosungunula osati madzi wamba, makamaka nyengo ya mango pamene tintchentche tating'ono tadzaza paliponse. Timeneti timanyamula tizilombo tosandutsa mowa viniga.

Kulola kutentha kulowe

Kuyambira tsiku lachinayi tengani pang'ono pa kampopi ka chigubu muyeze ndi hydrometer. Zambiri zinakonzedwa kuti ziziwerenga molondola pa madigiri 20, choncho mowa woyezedwawo ukakhala pa 30 onjezani 0.002 kapena 0.003. Nambala ikafika 1.020, shuga wambiri wadyedwa ndipo kuswana kwatha. Lekani kuika mabotolo, mowa ukwere wokha kufika 21 kapena 23. Ofulula a kumaiko ozizira amachita kutenthetsa mowa wawo pa siteji imeneyi kuti diacetyl athe; inu mungochotsa bulangete. Musaulekerere mpaka 30, botolo limodzi masana lizikhalabe ngati kunja kwatentha.

Usiyeni pamenepo masiku 5 mpaka 7. W-34/70 imatsitsa thobwa la 1.048 kufika pakati pa 1.008 ndi 1.010, mphamvu ya pafupifupi 5 peresenti. Mowa wapsa nambala ikakhala yomweyo masiku atatu otsatizana. Kusiya kubwibwita kwa airlock si umboni, chivundikiro chikhoza kukhala chikutulutsa mpweya pambali.

Musanathire m'mabotolo yesani diacetyl, chifukwa amabisala. Yisiti imatulutsa kaye chinthu chosanunkha chimene chimadzasanduka diacetyl pambuyo pake, mwina mowa uli kale m'botolo. Thirani mowa m'matambula awiri, onse muvundikire. Imodzi iikeni m'madzi a madigiri 65 kwa mphindi 20, kenako muiziziritse ifanane ndi inzake. Nunkhizani zonse. Yotenthetsedwayo ikamveka batala kapena majarini wosungunuka, chigubu chikhalebe pofunda masiku ena awiri kapena atatu muyesenso. Chimodzimodzi ngati mukumva dzungu laliwisi. Koma zonse pamodzi zisapitirire masabata awiri kapena atatu mowa uli pa nsenga zake. Pa kutentha kwa kuno yisiti yakufa imayamba kuphulika, mowa n'kumveka ngati msuzi wa nyama kapena labala.

Mukalawa n'kumva kuwotcha pakhosi ngati kachasu, kapena nthochi yamphamvu, mowa unatentha poyamba ndipo palibe mankhwala ake. Bwererani ku kope lanu muone tsiku limene nambala inathawa. Ukawawasa ngati thobwa logonetsa, kapena pamwamba pakayala kakhungu koyera, alowa ndi tizilombo, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi kampopi kapena payipi yosatsukidwa mkati, kapena thobwa linachedwa kulandira yisiti.

Ngati simungatsike pansi pa 24

Pali njira ya kuwiritsa mopanikiza mpweya. Mowa ukamawira m'chiwiya chotseka chokhala ndi spunding valve, valavu yotulutsa mpweya ukapitirira muyeso, yotcheredwa pa 10 mpaka 15 psi, pafupifupi bar imodzi, mpweya wosungunuka umachepetsa kuswana kwa yisiti ndi ma ester, moti 22 mpaka 24 imapiririka. Izi zimachitika mu keg, thanki yachitsulo yosungira mowa ya malita 19, yothiridwa malita 16 okha kuti thovu lipeze malo, kapena m'chiwiya china chopangidwira ntchitoyo. Chigubu cha mafuta ophikira, ndowa kapena botolo lalikulu lagalasi musazitseke chotero ngakhale kamodzi, zimaphulika n'kuvulaza.

Popanda zimenezi, ndipo chipinda chili pa 30, siyani yisiti ya lager. Tengani kveik, yisiti ya alimi a ku Norway. Ya dzina la Lutra imagwira kuyambira 20 mpaka 35 ndipo imapereka mowa woyera wofanana ndi lager, ngakhale si lager yeniyeni. Kuli bwino kumwa umenewo mu Novembala n'kusungira Juni mapaketi a W-34/70.

M'mabotolo

Mowa umene wakhala pofunda umasunga mpweya wochepa, choncho umafuna shuga wokwanira: magalamu 6 pa lita, kapena 120 pa malita 20. Musungunuleni m'kapu ya madzi owira, azizire, mumuthire m'ndowa yoyera ndipo mowa utsikire pamwamba pake kudzera m'payipi, mwakachetechete osachita thovu. Mpweya wa kunja ukalowa pano, mowa wosungidwa pofunda umayamba kumveka ngati katoni yonyowa pakangopita masabata ochepa. Mabotolo akhale a bulawuni, olimba, opanda mng'alu. Obiriwira ndi oyera amalowetsa kuwala, ndipo dzuwa la kunyanja limanunkhitsa hops m'mphindi zowerengeka.

Musathire m'botolo mowa wosamaliza kuwira. Pa 0.001 iliyonse ya pa hydrometer imene yatsala, mpweya umawonjezeka ndi theka la voliyumu (voliyumu imodzi ndi lita imodzi ya mpweya m'lita imodzi ya mowa), pamene cholinga chonse ndi mavoliyumu 2.5. Mowa wotsekeredwa pa 1.014 umene ukanafika 1.009 umakhala ndi mpweya wowirikiza kawiri, ndipo m'nyumba yotentha botolo limaswekera m'manja. Limodzi mwa mabotolowo likhale lapulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Muzilifinya tsiku lililonse. Likalimba gwa ngati losatsegula la m'sitolo, enawo akonzeka. Pa madigiri 28 zimatenga masiku 5 mpaka 7. Sungani kreti mumdima, yophimbidwa ndi saka, kutali ndi ana.

Akalimba, mabotolo alowe mufiriji ataimirira, pa madigiri 2 mpaka 4, kwa masabata awiri kapena atatu. Mawu akuti lager amachokera ku Chijeremani lagern, kusunga, ndipo kusunga kozizira kumeneku ndi kumene kumagwetsa yisiti pansi, kuyeretsa mowa ndi kufewetsa salufa wotsala. Firiji ikachepa, lowetsani khumikhumi. Otsala panja amwedwe pasanathe mwezi ndi theka. Mowawu ndi wa panyumba ndi wa akuluakulu. Wogulitsa umafuna chilolezo cha khonsolo.

Nsenga zotsala pansi pa chigubu musataye ngati mowa watuluka bwino. Zithireni m'botolo loyera la kukamwa kwakukulu, chivundikiro chosamangitsa, musunge mufiriji. Mamililita 250 mpaka 300 a phala lokhuthalalo amakwanira malita 20 otsatira, bola agwire ntchito pasanathe masabata awiri. Ngati mowa unawawasa kapena unafika 26 m'masiku oyamba, nsengazo zitayeni mutsegule mapaketi atsopano.